Kuyeza Kubiriwira

M'mawa uno ndamizanso mkono m'dziwe.
Alangizi a ku Domasi anatiphunzitsa choncho:
lowetsa mpaka m'chigongono, yang'ana chikhatho.
Ukachiona, madzi ali ndi njala.
Chikabisika, aleke, akhuta.
Lero ndawerenga zala zanga zonse zisanu,
ndi chipsera cha chikwakwa chomwe,
ndiye ndapita kukakokola zitosi m'khola la nkhuku.

Asiyatu mwanawe, uthenga wako unafika dzulo
foni ikutchajidwa ku golosale ya Che Likaka.
Ukuti muli m'sitima sabata yachitatu,
mtunda suoneka, mbalame n'zapatalipatali,
ndipo mumadzuka tambala asanalire,
kaya kumeneko kuli tambala,
kutsitsa mabotolo pa chingwe chachitsulo
kukatunga madzi pamene dzuwa limalekezera.

Ndinaseka ndekha panjira.
Mbuzi zinayi, njinga ya malemu bambo ako,
zonsezo kuti ukatunge madzi?

Koma wafotokoza, ndipo ndamva.
Ukuti m'madzi amcherewo muli ndere
zazing'ono kuposa fumbi la pachigayo,
zopanda mizu, zopanda mwini,
zimene zimadya kuwala ndi nayitirojeni.
Dzina limenelo si lachilendo kuno.
Ndi lija alangizi amaloza pa thumba la yuleya
limene tinagawana anthu atatu chaka chatha,
ine, Abiti Saidi ndi mlamu wako,
tikuyeza ndi mbale, maso ali tcheru.
Ukuti mumadonthezera pang'ono m'botolo,
lina padzuwa, lina mumdima,
madzulo n'kusefa, kuona kuti zameza zingati.
Basitu nawenso ukulera dziwe.

Chimene chandigoneka mochedwa ndi ichi:
madzi okongola aja,
a buluu ngati siketi yako ya ku sekondale,
ndiwo osauka.
Chakudya chili pansi, kozizira,
kumene zakufa zonse zimakagona.
Kuwala kuli pamwamba.
Ziwirizi zimangomvana mbiri
mpaka mphepo itabwera kudzavundula.
Ndinakumbuka chimanga changa chili m'mawondo,
masamba achikasu, mvula ikugwa bwinobwino,
thumba likadali ku depoti m'tauni
kudikira galimoto yopanda mafuta.

Litabwera, mvula ya Januwale inakokolola theka.
Ndinaimirira pa mzere, madzi ofiira akudutsa m'mapazi,
ndikuti mwina akupita kwa mwana wanga,
mwina botolo lake lina
lidzalawa za m'munda mwa mayi ake.
Iwe ukuti ayi amayi,
Domasi amathera m'Chilwa,
ndipo Chilwa alibe khomo lotulukira.
Chabwino.
Zidye ndere za kumeneko, ndere zidyedwe ndi matemba,
ndikawagula pa Songani Loweruka
ndibwezeko zanga ndi tomato.

Tsopano thumba la zitosi lamira pangodya ya dziwe,
ndalipsinja ndi njerwa.
Palibe chooneka, palibe chomveka.
Mawa chimodzimodzi.
Mkucha madzi adzayamba kusintha nkhope,
ndipo sindinazionepo zikudya, n'kamodzi komwe,
ndimangoona makumba akulemera m'manja.
Ukuti mpweya umene ndikupumawu
wina unatuluka mwa tizinthu timeneti.
Ndapuma kawiri mosamala, sindinamve mchere.

Wanenanso za mbale yoyera
imene mumatsitsa ndi chingwe kuti muone pobisikira,
ndipo tsiku lina inkaonekabe
itatsika kuposa kutalika kwa bulugama wa kutchalitchi.
Mayo ine, njala yotereyo!
Khola lake la nkhuku lingakhale lotani?

Uvale juzi usiku.
Ukabwera, usanalowe m'nyumba,
udzapinde malaya, udzamize mkono,
undiuze ngati ndikuyeza bwino.
Maso angawa ayamba kundinamiza,
nthawi zina chikhatho chimabisika
madzi asanakhute.