Zitsekerero Ziwiri Zoonjezera

Lachitatu m'mawa, ku Kawale.
Labu tilibe. Choko chatsala ngati chikhadabo.
Ndabwera ndi jumbo ya zitsekerero za mabotolo
zomwe ndinatola dzulo kuseri kwa golosale ya a Chimbalanga.

Zofiira zisanu ndi chimodzi patebulo.
Awa ndi mapulotoni, ndikuuza ana a Fomu 2,
ndipo dzina lagona pa iwowa:
asanu ndi limodzi, ndiye kaboni,
wa m'makala aja amadutsa panjinga mbandakucha.
Ukachotsapo limodzi waitana munthu wina.

Zoyera zisanu ndi chimodzi: manyutuloni.
Alibe mbali. Amangokhala phee pakati pa okankhana
ngati amalume pa mlandu wa banja,
osalankhula,
koma benchi imadziwa kuti pakhala munthu.

Asiyatu wakweza mkono: Madamu, nanga maelekituloni?
Ndamupatsa njere za mapira zisanu ndi imodzi.
Pita nazo kutali.
Wafika pakhomo. Pitirira.
Wafika pa mtengo wa mango. Ana akufa ndi phwete.
Ndati mtima wa atomu ukanakula ngati nsawawa
pakatikati pa bwalo la Sivo,
maelekituloni akanakhala uko ku mipando ya anthu wamba,
ndipo sungaloze kuti ali apa;
ali ngati mavenda a pa mlatho wa Lilongwe
galimoto ya khonsolo ikatulukira:
alipo ndithu, koma pati?
Pakati ponsepo palibe kanthu.
Yohane Kadzakumanja wamenya desiki ndi chibakera
kuti aone ngati ndikunama.

Kenako ndaonjeza zoyera ziwiri.
Wasintha dzina? Ayi, Madamu, zofiira zikadali zomwezo.
Eya. Akadali kaboni, wangolemera.
Ndalemba pa bolodi: aisotopu.
Choko chathyoka.

Sindinawauze kuti tinabadwa awiri ku Bwaila,
ine ndi Msaiwale, usiku umodzi,
dzina la bambo limodzi, mpata wa m'mano umodzi,
moti makondakitala a ku depoti ankandifunsa ine ngongole zake.
Koma iye anasenza ziwiri zoonjezera.
China ndinkachidziwa, katapila wa ku Mchesi.
Chinacho sananene mpaka lero.

Ndangowauza za m'buku:
kaboni wolemerayu sakhazikika.
Saphulika ayi, amachoka mwakachetechete,
atomu iyi lero, ina mawa,
ndipo palibe angalose kuti yotsatira ndi iti.
Zikapita zaka zikwi zisanu ndi mazana asanu ndi awiri
theka latha.
Ana ati haa, zaka zonsezo!
Kwathu sizinatenge choncho.
Chaka choyamba anasiya kuimba mluzu posamba.
Chachiwiri theka la mawu ake linatha,
kenako theka la theka,
mpaka bedi lija la pafupi ndi zenera ku Sentulo,
bulangete litapindidwa bwinobwino.

Asiyatu wabwerera, mapira ali m'manja:
Akachoka amapita kuti?
Sapita, mwanawe. Nyutuloni limodzi limasanduka pulotoni,
kanthu kakang'ono n'kuthawa,
zofiira zakwana zisanu ndi ziwiri,
dzina lasintha: nayitulojeni.
Wochuluka mu mpweya womwe wakoka pondifunsamu.
Kalasi yonse yakoka mpweya mwadala, mokweza,
wina watsokomola fumbi la Okutobala.
Inenso ndakoka, osaonetsa.

Belu lalira, chitsulo cha gudumu lagalimoto pamtengo.
Atolera zitsekerero, awerenga, akuti zoyera zasowa ziwiri.
Asesa pansi pa madesiki. Ndati zisiyeni.

Madzulo mu minibasi ya ku Biwi,
titapanikizana anayi anayi, mapewa kukankhana,
ndikufufuza ndalama m'thumba la siketi
ndazigwira, zonse ziwiri,
mano ake akundiluma chala.
Kondakitala wandiyang'ana nthawi yaitali
ngati akufuna kunditchula dzina la wina.