Mndandanda wa Ardis

Loweruka la Ogasiti, kuseri kwa tchalitchi,
pamene magalimoto amaima masiku ena onse,
matenti oyera amera ngati bowa.
Ndabwera ndi kapepala kopindidwa kanayi
kamene ndinakapeza m'thumba la jekete la Ardis
chipale chitasungunuka, mwini wake atapita kale.

Matimati, mapaundi makumi atatu.
Adyo, koma wa Dettweiler yekha.
Nkhaka zing'onozing'ono, zosaposa chala.
Pansi penipeni, ndi pensulo: osaiwala uchi.

Zaka makumi atatu ndinayendetsa basi ya sukulu
m'zigwa za Wisconsin muno.
Ndimadziwa geti lililonse pomwe mwana ankatsikira,
koma tomato wakupsa sindidziwa kuti amagwidwa bwanji.
Ntchito yanga pamsika uno inali kunyamula dengu
ndi kung'ung'udza za mitengo.

Mayi Pa Houa Vang akuwaza madzi pa mabilinganya.
Aona kapepala kaja, sakufunsa kanthu.
Awerama kunsi kwa tebulo
natulutsa bokosi la matimati ong'aluka,
ena okwinyika ngati chibakera, ena a zipsera.
"Ankatenga awa.
Osalalawo ndi a anthu obwera kudzajambula zithunzi."
Ndipereka ndalama, iwo abweza theka.
Tikankhirana kawiri katatu, mwaulemu,
ndipo wogonja ndine.

Lorne Dettweiler, chipewa cha udzu, ndevu zofika pachifuwa,
akuluka adyo ngati tsitsi la mwana wamkazi.
Ndi munthu wa mawu atatu pa tsiku.
Lero onsewo wathera pa ine:
"Wiritsani mabotolo kaye."

Cha m'ma leveni mphepo yatulukira kumtsinje osagogoda.
Tenti ya wogulitsa tchizi yanyamuka mwendo umodzi,
ndipo tonse, ogula ndi ogulitsa, tagwira mizati,
namwino wongoweruka kumene, mnyamata wa ndolo pamphuno,
ine ndi nkhaka zanga kukhwapa.
Mapichesi akugubuduka kulowera kumsewu,
ana akuwathamangitsa ngati nkhuku zothawa m'khola.
Wina wayamba kuseka, kenako tonse.
Ndadzidzimuka kumva mawu angawa ali momwemo.
Chichokereni Januwale anali asanatuluke.

Masana khitchini yasanduka ya nthunzi yokhayokha.
Poto wamkulu uja ndamupeza pamwamba pa kabati,
m'kati mwake muli kangaude ndi supuni yamtengo
yopsa mbali imodzi, mbali imene iye ankaitsamiritsa.
Ndalemba mtanda ndi mpeni pa tomato aliyense,
kumuviika m'madzi otentha, kenako ozizira,
khungu likuvuka lokha ngati sokosi yonyowa.
Ndapsa chala. Ndatukwana.
Palibe wondidzudzula, ndiye ndadzidzudzula ndekha
m'mawu ake omwewo.

Viniga waluma m'maso.
Mchere ndathira mongoyerekeza,
popeza kapepala kananena zogula,
sikananene zochita.
Mbewu za tomato zamata pakhoma, pa wotchi, pa magalasi anga.

Tsopano ndi usiku. Mawindo ali pululu,
nkhululu zikulira m'munda wa chimanga wa aneba.
Mabotolo khumi ndi anayi afola pa thaulo,
ofiira ngati nyali za kumbuyo kwa basi m'chifunga.
Ndakhala mumdima, ndikumvetsera.
Tho!
Chitsekerero choyamba chagwira.
Tho! Chachiwiri.
Kale phokosoli ndinkalimva ndili pabedi,
osadziwa kuti wina wakhala pampando uno akuwerenga.

Khumi ndi atatu.
Lotsalalo lakana, ndilidya mawa ndi buledi.
Enawo adikire February,
tsiku limene msewu udzatsekeka ndi chipale,
ndidzatsegule limodzi, Ogasiti atuluke m'botolo
ndi fungo lake lonse.

Ndapinda kapepala kuti ndikabwezere m'jekete,
ndipo pamenepo ndi pamene ndaona pensulo ija.
Uchi ndaiwala.

Basi, Loweruka ndipitanso.