Amene Mulibe pa Chithunzi

Chithunzi chili pakhoma la ofesi yathu ku Mpondasi,
pamwamba pa fani yomwe inafa chilimwe chatha.
Achinyamata khumi ndi asanu ndi atatu, malaya achikasu,
mano onse pamtetete,
kumbuyo kwawo sukulu ya kutsidya, ku Mozambiki,
imene anakaiveka malata mphepo itaivula.
Alendo akalowa amawerenga nkhope.
Ine ndimawerenga amene mulibe.

Mulibe Asiyatu wa ku akaunti.
Milungu itatu anagona ndi kakyuleta kumutu,
kusandutsa makwacha metikashi, metikashi makwacha,
koma ya mafuta obwerera inkaperewerabe.
Anaipeza potidulira tiyi wa teni koloko.
Mpaka lero sitinamukhululukire.

Mulibe Che Jafali oyendetsa kosita,
poti ndiwo anagwira foni pojambula;
chala chawo chokha chikusuzumira pakona.
Pokwera Chowe injini inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
Anatsika, anaivundukula, anainyengerera m'Chiyao
ngati munthu wopepesa kuchikamwini,
ana ali m'kati kuimba, osadziwa kanthu.

Pa Chiponde dzina la Twaibu linatiutsira mapiri pachigwa:
pachiphaso lalembedwa mwina, pakalata ya ofesi mwina.
Kalembo kamodzi.
Mayi Nachuma, mtsogoleri wa ulendo, anaima maola atatu padzuwa
ndi fayilo yobiriwira pachifuwa,
osakweza mawu, osasuntha phazi,
mpaka wa pazenera anatopa ndi ulemu wawo n'kudinda.
Iwonso mulibe. Ankasaka misomali ya mainchesi anayi.

Sisita Lukiya ankadziwa za aliyense:
wa mphumu, wosadya nyemba,
wodzitama masana amene ankalira usiku kufuna kwawo.
Mankhwala a malungo ankawawerenga ngati tasibihi.
Tsiku lojambula anali kuseri kwa kalasi,
akuchotsa kachitsulo m'diso la mwana wa eni mudzi.

Nanga ine?
Ine sindinawoloke n'komwe mlatho wa pa Shire.
Yanga inali foni, buku la katundu, ndi makolo.
Katatu ndinakwera kabaza kupita kwa bambo a Saujati
amene ankakana kusaina.
Anati, kunja kwake n'kuti, akwera ndege?
Nditati ku Mandimba anaseka mpaka kutsamwa,
ati kumeneko ndinkapita panjinga kukagula zitenje.
Anasainabe, koma anandigwira dzanja nthawi yaitali:
undibwezere yemweyu.

Masiku khumi ndi anayi, ikangotha swala ya usiku,
foni inkayamba.
Wadya? Akugona pati? Bwanji sakuyankha?
Magetsi akazima ndinkathamangira kwa ometa tsitsi
kukapempha jenereta yawo,
n'kumayankha ndili chilili pakati pa tsitsi la anthu ena.
Ndinkati ali bwino, ali bwino ndithu,
ngakhale usiku umene netiweki inatha
ndipo inenso sindinkadziwa.

Amati mutu umodzi susenza denga.
Za mapazi sanenapo.

Anabwera Lachinayi, fumbi mpaka m'nsidze,
akutipatsa moni wa Chipwitikizi chothyokathyoka.
Makolo anawasenza ngati abwera ndi chikho.
Ine ndinaima pakhomo la kosita ndi buku langa.
Mahamala anapita khumi ndi awiri, abwera khumi ndi imodzi.
Ndowa ziwiri zaphulika. Tenti yang'ambika.
Ana: ndinawerenga, ndinabwerezanso,
khumi ndi asanu ndi atatu.
Saujati, wakuda bii, chithuza padzanja lililonse.

Pa hamala ija ndinalemba kuti yasowa,
ndipo cholembera chinkanjenjemera.
Asiyatu anasuzumira paphewa langa
n'kunena kuti wina ailipira.
Che Jafali anali atagona kale pampando wakumbuyo,
nsapato zili kumapazi.