Wotchi Yothamanga

Zaka makumi atatu ndakhala pa windo ili ku Kutaisi,
galasi pa diso limodzi, ndikutsegula mimba za mawotchi a eni.
Tsono mu Febuluwale kasikuluwu kanandipulumuka.
Ndinakatola. Kanagwanso.
Zala njenjenje ngati zaba kanthu.

Kunja chisanu, anthu m'majasi,
ine thukuta kamukamu, windo lili pululu.
Usiku mtima gu gu gu, kupikisana ndi mtsinje wa Rioni.
Lamba ndinamuboola bowo lina.

Pepala la magazi linabwera Lachinayi.
TSH: 0.2, ndi kamuvi koloza pansi.
T4: pafupi ndi malire, koma ikadali m'kati.
Ndinati basi, chatsika,
chithokomiro changa chafooka.

A dokotala Tsiklauri anamwetulira.
"Mwawerenga chozondoka, bambo Otar.
TSH si mawu a chithokomiro ayi.
Ndi mawu a kapitawo wokhala kunsi kwa ubongo,
amene amafuula kuti: gwira ntchito!
Wantchito akachita changu chopyola muyeso
kapitawo amatsitsa mawu.
Wanuyu akunong'ona."

Ndinagwira pakhosi, pamene pali kagulugufe ka mnofu
kamene sindinakaganizirepo chibadwire.

"Ndiye mankhwala?"
"Lero ayi. Chathamanga, koma pang'ono,
ndipo nthawi zina chimabwerera chokha.
Tiyezanso pakatha milungu isanu ndi itatu,
timvetsere mtima, tionenso mafupa.
Khofi wachitatu uja musiyeni."

Ndinatuluka nditakwiya.
Ndinkafuna dzina lalikulu la nthenda, botolo la mapiritsi,
chilichonse, osati kudikira.

Chonsecho ndine ndemwe ndimauza makasitomala kuti
wotchi ikatsogola mphindi ziwiri pa tsiku
sitithamangira kuiphwasula.
Timaiika pa shelefu, n'kumailemba m'mawa uliwonse,
mpaka iulule yokha ngati ndi fumbi,
kuzizira, kapena sipuling'i yatopadi.

Mzia wandigulira kabuku kobiriwira.
Ndikadzuka, zala ziwiri pamkono, diso kukhoma:
92. Dzulo unali 96.
Timawotchi ta pamkono ndapatsa mnyamata wanga Lasha,
amene akuyesetsa kubisa chimwemwe chake.
Ine ndatsala ndi zikuluzikulu za pakhoma,
za masikuluwu oti munthu n'kuwagwira.

Pepala lija ndalitsamiritsa ndi wotchi yakufa
ya munthu amene sanabwerenso kudzaitenga.
Yatsala milungu isanu.