Makakyuleta a Kalaliki wa Thonje

M'chitini cha mabisiketi, pansi pa malisiti odyedwa ndi njenjete,
bambo anga Alufandika anasiya makakyuleta anayi.
Ng'ombe zinapita ndi madzi.

Yoyamba ndi yolemera ngati chidutswa cha njerwa,
manambala ake ofiira ngati makala a tsanya.
Inkatha mabatire mzere wa ngolo usanafike pakati,
ndipo dzuwa la ku Ngabu likaima paliwombo
manambalawo ankathawa.
Bambo ankaivindikira ndi chipewa n'kusuzumira,
mlimi ali chiimire, thukuta kamukamu,
akuganiza kuti m'chipewamo ndimo akumubera.

Yachiwiri, ya maso obiriwira,
anaigula kwa munthu wothawa nkhondo, wowolokera ku Marka,
pamtengo wa madengu awiri a mapira.
Ukaiika pakhutu inkalira ngati udzudzu wa ku Ndindi.
Seveni wake ankakakamira.
Umadina kamodzi, iye n'kubwera ndi m'bale wake,
ndipo tsiku lina Nyazuze anatsala pang'ono kulemera.

Ziwiri zotsalazo ndi mapasa,
zopyapyala, nkhope yotuwa, chikopa chimodzi.
Ine ndinkati n'zofanana.
Bambo ankapukusa mutu: yang'ana bwino, mwanawe.
Iyi ili ndi batani lokumbukira,
imasunga ngongole mwini atayiwala dala.
Inzakeyi ilibe, koma pachipumi
ili ndi timawindo tinayi takuda.
Imadya dzuwa.
Ankaseka mpaka kutsokomola:
kutentha kwathu kuno kwapeza wokuyamika.

Lero ndazitulutsa pakhonde.
Yofiira ija batire linaolera m'mimba,
mchere woyera watuluka m'mbali.
Yobiriwira ikununkhabe matope a chaka chija.
Ya dzuwa yokha yaphethira, n'kundipatsa ziro,
ngati tinasiyana dzulo.

Ndawerengetsera malata, misomali, simenti ya nyumba ya kumtunda.
Manambala adzaza pagalasi mpaka kukhoma,
kadontho ka matambala kasowa pokhala.
Pa batani lophatikiza chizindikiro chinafufutika,
patsala kadzenje kosalala.
Chala changa chachikulu sichikudzazamo.

Ndagula kabatire kwa wokonza mawotchi pamsika,
ndaika m'mnzake uja wokumbukira.
Ndadina, kudikira,
mwina makilo a Nyazuze,
mwina ngongole ya feteleza imene bambo sanaitchule.

Mbuzi ikudya lisiti lomwe lauluka.
Ndadinanso.