Wosesa mu Holo Nambala 4

Magetsi akayaka ndimalowa ndi tsache,
mayina akadali kukwera pachinsalu ngati mzere wa nyerere,
ndipo anthu a mu Coventry muno amadzuka m'mipando
aliyense atasanduka woweruza.

Woyamba ndi Harpreet wa jekete lofiira,
wabwera kachitatu sabata ino kudzakwiya.
"Amuwononga mnyamata uja," akutero.
"M'makatuni a ku Japan sankalankhula,
ankangoyang'ana msewu,
diso limodzi kudzaza chinsalu chonse.
Uyu akulongolola ngati wailesi,
ngakhale tsitsi lake lachita kugona."
Callum akupukusa mutu, akunyambita mchere kuzala:
"Koma matayala aja ndi enieni, iwe!
Utsi uja sanajambule ndi pensulo.
Munthu wamagazi walowa pakona cham'mbali
ali ndi mayi ake kunyumba."

Mzere wakumbuyo, mayi wina wa imvi
anangoperekeza mdzukulu, n'kugona pakati,
n'kudzidzimuka galimoto yoyera ikupambana.
Akuti bambo ake ankamanga mainjini mumzinda uno
fakitale isanatseke,
ndipo injini simalira choncho pa giya yachitatu.
Mdzukulu akumukoka mkono, manyazi amugwira.

Atsikana awiri akukangana za nyimbo.
Wina akuti achotsa ija yothamangitsa magazi
n'kuikamo zogonetsa khanda.
Mnzake akuti sanamve n'komwe,
maso anali pa dalaivala wogonja uja,
wa chipsera pachibwano.
Akuseka, akuponda mbuliuli zanga.

Ine sandifunsa.
Baji ili pachifuwa, akanawerenga kuti Mzati,
koma tsache lilibe maganizo.
Kanemayu ndamuonera kakhumi ndi kanayi,
mphindi zitatu zomaliza zokhazokha,
nditaima pakhomo ndi thumba lakuda.
Chimene anayambanirana anyamatawo sindichidziwa.
Ndimangodziwa kona yomaliza.

Ndipo kona ndimaidziwa ine.
Zaka zisanu ndi zinayi ndinagwira chiwongolero
cha minibasi yotsikira ku Chikwawa,
anthu othinana ngati machesi, mbuzi pansi pa mpando,
mabuleki ofuna kupopa kawiri asanavomere,
Zuze wa basi yobiriwira ali pamsana panga,
tikulimbirana anthu atatu oima pa siteji.
Tinkapikisana nafenso, opanda nyimbo.
Tsiku lina Zuze analowa pakona cham'mbali,
ndendende ngati m'kanemamu,
koma palibe anaomba m'manja.
Fumbi litakhazikika tinatsika kuphompho.
Ine ndinatola nsapato imodzi, ya mwana wa sukulu.

Ndiye akati makatuni ankaposa, mwina akunena zoona:
munthu wojambula ndi pensulo akagubuduzika
amamufufuta, n'kumujambulanso mawa.
Akati uyu ndiye weniweni, sindikana,
matayala akununkhadi mpaka pakhomo pano.
Koma m'galimoto zimenezo mulibe mayi
wokumbatira dengu la tomato,
wofuula kuti, "Adalaivala, tili ndi ana kunyumba!"
Mipando yakumbuyo ili mbee.
Mpikisano wa anthu osanyamula aliyense.

Ndikusesa.
Makapu, udzu wapulasitiki womwera, tikiti yong'ambika.
Harpreet waiwala sikafu pa mpando wa khumi ndi chiwiri;
ndimusungira, abwera Lachisanu kudzakwiyanso.

Hafu pasiti leveni ndili m'basi ya usiku,
mvula yamawawa ikutsetsereka pagalasi,
dalaivala wake wodekha ngati m'busa pa mgonero.
Pa msewu wozungulira mzinda
tigalimoto tiwiri totsika pansi tikutipitirira,
tikubangula, magetsi abuluu kumimba,
ana amene mwina ndawasesera mbuliuli madzulo ano.
Wina m'basimo waimba mluzu.
Wina watukwana.

Ine sindinanene kanthu.
Ndangopeza phazi langa lakumanja
likuponda pansi pa basi ya eni,
kamodzi,
kawiri,
kufunafuna buleki.