Mzere wa Madzi pa Khoma

Kalata inabwera Lachiwiri masana,
dzuwa la pa Nchalo litakhalitsa nkhuku kukamwa yasa,
ine ndili pa makina, kusoka yunifolomu ya mwana wa eni.
Chidindo chofiirira. Miyezi itatu.
Woibweretsa sanatsike n'komwe pa njinga.

A Chapepa, amene anandipatsa makiyi
zaka khumi ndi zitatu zapitazo,
tinakawaika ku Ngabu chaka chatha.
Lendi ankalandira ndi manja awiri,
mwezi wina ndalama, mwezi wina zigamba pa buluku lawo,
ndipo sitinalemberanepo kanthu.
Ana awo agulitsa nyumba kuti agawane.
Sindikuwada. Nawonso ali ndi fizi yolipira.

Mwini watsopano, a Mafunga, ndi munthu waulemu.
Anaodira, anavula chipewa,
kenako anayeza kuchipinda kwanga ndi tepi
ine ndili chiimire pomwepo.
Akuti pamene pali mphasa yanga
padzakhala mashelefu a mankhwala a thonje.

Kukhoti ku Chikwawa anandimvetsera
mpaka mawu anandithera.
Woweruza anafunsa mofatsa:
"Mayi, pepala muli nalo?"

Pepala langa ndi khoma, bwana.
Pali mzere wa madzi osefukira, wolekeza m'chifuwa.
Matope ake ndinakapa ndi mbale masiku asanu ndi anayi,
eni nyumba ali kumtunda.
Malata awiri akuvuma ndinagula ndine.
Paphaka pali timizere ta makala
pamene Chanazi ankalekeza chaka ndi chaka,
ndipo mchombo wake uli pansi pa msawu wakuseri.

Koma lamulo siliwerenga khoma.
Linawerenga risiti ya a Mafunga, ndipo inali yoona.
Palibe wandibera.
Chondiwawa n'chimenecho:
ndikusowa woti ndimutukwane.

Lero ngolo ya Zuze yaima pakhomo,
ng'ombe zikuthamangitsa ntchentche ndi michira.
Tayamba kukweza makina, atakulungidwa m'bulangete ngati wodwala.
Zaka zonsezi, katundu sanadzaze ngolo.

Ndasesa m'nyumba monse. Sindikudziwa chifukwa chake.
Popereka makiyi ndawauza a Mafunga
kuti chitseko chimatupa nthawi ya dzinja,
azichinyamula pang'ono ndi bondo,
ndi kuti Shire akayamba kulira usiku
asadikire wailesi.
Athokoza. Ayang'ana pansi.

Chanazi wafunsa ali pamwamba pa matilesi:
"Nanga masawu akapsa adzatola ndani?"
Zuze wamenya ng'ombe, sindinayankhe.

Kuminda ya kampani akuotcha nzimbe.
Tisanakhote n'komwe pa chigayo,
phulusa lakuda layamba kale kugwera
pakhonde pamene ndasesa.